Wovulaza Mnzake Mwadala Ali Pangongole

Chidule cha khutba ya Lachisanu yomwe idaperekedwa kwa Asilamu a ku Mandala ndi madera oyandikana nawo mumzinda wa Blantyre

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mwini chilungamo, amene adalipatsa ulemu thupi la munthu naliikira mpanda wa malamulo. Tikuikira umboni kuti palibe wina woyenera kupembedzedwa koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake komanso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake, pa maswahaba ake ndi pa onse otsata njira yawo mpaka tsiku la Qiyama.

Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, tikudzilangiza ife eni, tikulangizanso inu, kuti timuope Allah pa zimene manja athu amachita. Khutba yathu ya lero ikukhudza munthu amene wavulazidwa mwadala ndi mnzake. Kodi ali ndi ufulu wofuna dipo? Nanga dipolo angalipeze bwanji m'dziko lathu lino?

Ife a kuno ku Mandala tili pafupi ndi nyumba ziwiri zodziwika bwino. Ina ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene ambiri amachitcha Gulupu. Ina ndi Khoti Lalikulu ku Chichiri. Zonsezi zili kufupi ndi msewu umodzi wa Masauko Chipembere, ndipo munthu wamphamvu zake atha kuyenda wapansi kuchoka pa ina kukafika pa inzake. Komatu mwa anthu amene amalowa ku Gulupu atathyoledwa mkono, atagululidwa mano kapena atakhapidwa ndi chikwanje, ndi ochepa amene amakafika ku Chichiri kapena kubwalo lina lililonse la milandu. Bala likapola amabwerera kwawo ndi chipsera, ngongole ya mankhwala ndi dzanja losathanso kugwira ntchito.

Ena mwa anthu amenewa ndi ana athu ochokera kunyanja, a ku Mangochi, Makanjira, Salima ndi Nkhotakota, amene adabwera mumzinda muno kudzagulitsa usipa mumsika wa Limbe, kudzalondera nyumba za eni ku Mandala ndi ku Namiwawa, kapena kudzayendetsa kabaza ku Bangwe ndi ku Ndirande. Kunyanjako nkhani ndi yomweyi: alovi akangana padooko polimbirana malo oponya chilimira, wina nkumutema mnzake ndi nkhafi m'mutu.

Zikatere timaona njira ziwiri, ndipo zonse nzolakwika. Njira yoyamba ndi ya kubwezera: abale a wovulala amema anzawo, atenga zibonga, ndipo pofika m'mawa ovulala akhala atatu. Njira yachiwiri ndi ya kutseka pakamwa: akuluakulu amuuza wovulalayo kuti zidalembedwa, apirire basi, Msilamu sapita kukhoti, ndipo wofuna ndalama pabala lake ndi wadyera. Chisilamu chidaika njira yachitatu. Wovulaza mnzake mwadala ali pangongole, ndipo ngongoleyo iyenera kubwezedwa kwa mwini bala, kupatula ngati iye mwini waikhululuka mwa kufuna kwake.

Zimene Sharia idaika

Mu Surat Al-Maida, ndime 45, Allah watchula mayina a ziwalo chimodzichimodzi: diso, mphuno, khutu ndi dzino, kenako mabala. Chilichonse mwa izi adachiikira qiswas, komwe ndi kulanga wolakwa molingana ndi zimene adachita. M'ndime yomweyo watsegulanso khomo la kukhululuka, nalonjeza kuti wokhululukayo adzafafanizidwira machimo. Mu Surat Ash-Shura, ndime 39 mpaka 43, tikuphunzira zinthu ziwiri pamodzi: wofuna chilungamo atachitiridwa nkhanza alibe mlandu, ndipo wopirira nakhululuka ali ndi malipiro kwa Allah. Choncho kufuna dipo si kuchepa kwa imani. Ndi ufulu umene Allah mwini adaupereka.

Imam Bukhari adalandira nkhani kuchokera kwa Anas bin Malik (RA) yonena za azakhali ake, Rubayyi mwana wa Nadhr, amene adathyola dzino lakutsogolo la mtsikana wina ku Madina. Abale a Rubayyi adapempha chikhululuko, akwawo kwa mtsikanayo adakana. Adapempha kuti alipe, adakananso. Nkhani itafika kwa Mtumiki (SAW), iye adagamula kuti pachitike qiswas. Mlongo wake wa Rubayyi, Anas bin Nadhr (RA), adalumbira kuti dzino la mlongo wakeyo silithyoledwa, koma Mtumiki (SAW) adamukumbutsa kuti lamulo la Allah ndi lomwelo. Pamapeto pake akwawo kwa mtsikana uja mitima yawo idafewa, nasiya zofuna qiswas, nalandira dipo.

Taonani, abale athu. Wolakwayo adali wa m'banja lolemekezeka, wachibale wa mnyamata amene ankatumikira m'nyumba ya Mtumiki (SAW). Koma Mtumiki sadauze mtsikanayo kuti dzino ndi kanthu kochepa. Sadawakalipire akwawo chifukwa chokana kukhululuka. Adaimika ufulu wawo poyamba, ndipo kufewa mtima kudabwera ufuluwo utazindikirika kale.

Tinene momveka bwino pano kuti qiswas si ntchito ya munthu wamba, ya banja kapena ya gulu la anyamata. Ma ulama onse adagwirizana kuti woichita ndi wolamula dziko kudzera mwa woweruza, pambuyo pa umboni. M'Malawi muno makhoti sagamula qiswas. Amalanga ndi ndende kapena chindapusa. Choncho Msilamu amene watenga mpeni kukabwezera sakutsata Sharia, wangowonjezera tchimo pa tchimo. Chimene chatitsalira, ndipo nchololedwa ndi Sharia komanso ndi malamulo a dziko, ndicho kufuna chilango kudzera kukhoti ndi kufuna dipo.

Muyeso wa mabala

Dipo la moyo limatchedwa diya, ndipo dipo la chiwalo kapena bala limatchedwa arsh. M'kalata imene Mtumiki (SAW) adatumiza kwa anthu a ku Yemen kudzera mwa Amr bin Hazm (RA) mudalembedwa miyeso yake. Moyo wa munthu ndi ngamila 100. Mphuno yodulidwa yonse ndi ngamila 100. Diso limodzi, dzanja limodzi kapena phazi limodzi ndi ngamila 50. Chala chilichonse ndi ngamila 10. Dzino ndi ngamila 5. Bala la m'mutu loonetsa fupa ndi ngamila 5, ndipo bala lolowa mpaka m'mimba ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a diya yonse.

Umar bin Khattab (RA) ali Khalifa adaona kuti si onse amene amaweta ngamila, ndipo mtengo wake udali utakwera. Adaika kuti diya yonse ikhale madinari a golide 1,000, kapena madirihamu a siliva 12,000, kapena ng'ombe 200, kapena nkhosa 2,000. Tikawerengera pa muyeso umenewu, dzino limodzi ndi ng'ombe 10, chala chimodzi ndi ng'ombe 20, ndipo dzanja ndi ng'ombe 100. Mabala amene sadaikiridwe muyeso adasiyidwa m'manja mwa woweruza wolungama kuti aone kukula kwa chilema.

Sitikunena kuti makhoti a dziko lino amagamula potsata ziwerengero zimenezi. Tikuzitchula kuti tione kulemera kwa thupi la munthu pamaso pa Allah. Tifanizire ndi zimene timachita pamabwalo athu, pamene munthu wolemazidwa dzanja moyo wake wonse amapepesedwa ndi nkhuku imodzi, nauzidwa kuti agwirane chanza ndi womulemazayo nkhani ithe.

Sharia idasiyanitsanso kuvulaza mwangozi ndi kuvulaza mwadala. Pa zangozi zazikulu, abale a wolakwa a kuchimuna amathandizana kulipa, ndipo amapatsidwa zaka zitatu. Pa zadala, wolakwa amalipa kuchokera m'chuma chake, chifukwa wochita dala sayenera kupeputsidwa katundu amene adadzisenzetsa yekha. Mu madhhab ya Imam Shafi, imene Asilamu ambiri a kunyanja amatsata, mwini bala ndiye amasankha kulandira dipo, ndipo wolakwa sangakane ponena kuti iye sadavomere.

Chinanso nchakuti bala siliyesedwa lisanapole. Idalandiridwa nkhani ya munthu amene adabayidwa pabondo ndi nyanga. Adaumirira kuti mlandu wake ugamulidwe pomwepo, ngakhale Mtumiki (SAW) adamuuza kuti adikire apole. Pambuyo pake mwendo udalemala, ndipo pobwerera kudzadandaula adapeza kuti mlandu udatha kale. Phunziro lake nlakuti tisathamangire kutseka nkhani wovulala akadali pabedi, madokotala asananene ngati mkonowo udzagwirenso ntchito.

Pamene wovulaza ali wantchito wa boma

Mwina wina afunsa kuti, nanga wondivulaza akakhala wa mphamvu, wovala yunifolomu? Imam Abu Dawud adalandira nkhani kuchokera kwa mayi Aisha (RA) yakuti Mtumiki (SAW) adatuma Abu Jahm bin Hudhaifa (RA) kukatolera zakaat. Munthu wina adakangana naye, ndipo Abu Jahm adamumenya namuvulaza m'mutu. Anthu a fuko la Laith adabwera kudzafuna qiswas. Mtumiki (SAW) adawatchulira dipo, iwo adakana. Adawonjezera mpaka adavomera. Kenako adakwera pamimbari kuti alengeze kwa anthu, ndipo atawafunsa pagulu ngati akhutira, adayankha kuti ayi. Maswahaba ena adapsa mtima, koma Mtumiki (SAW) adawaletsa kuwakhudza. Adawaitananso, nawonjezera dipolo, nawafunsanso pagulu, ndipo apo adavomera.

Umu ndi momwe mtsogoleri wolungama amachitira wantchito wake akavulaza munthu. Sabisa, saopseza odandaula, amalipa, ndipo amalengeza poyera.

Dziko lathu lidadutsa m'nyengo imene zotere sizinkatheka. Akuluakulu a ku Mangochi akukumbukira za mudzi wa Moto, umene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anthu ake mazanamazana adagwidwa ndi kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, powaganizira kuti ankagwirizana ndi otsatira a Henry Masauko Chipembere. Mumzinda uno, m'mwezi wa Meyi 1992, sitiraka imene idayambira kufakitale ya nsalu ya David Whitehead idafalikira mu Blantyre ndi Limbe, ndipo anthu makumi angapo adaphedwa ndi zipolopolo, ena ambiri navulala.

Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 adakhazikitsa bwalo lapadera la National Compensation Tribunal kuti lipereke chipukuta misozi kwa amene adazunzidwa ndi boma chaka chimenecho chisanafike. Bwalolo lidapatsidwa zaka khumi zokha. Lidalandira madandaulo oposa 20,000, koma pomwe nthawi yake inkatha mu 2004 ochuluka adali atangolandira kandalama koyembekezera kapena osalandira kalikonse. Mu 2017 Ombudsman wa nthawiyo, mayi Martha Chizuma, adatulutsa lipoti losonyeza kuti mabala amenewa adali asanapole, nalamula boma kuti likonze. Apa tikuphunzira kuti ufulu wolembedwa papepala sufika wokha m'manja mwa mwini wake. Umafuna oukumbutsa ndi outsatira.

Palinso nkhani yaposachedwa imene idatha mosiyana. Pa 8 Okutobala 2019, pa zipolowe za ku Msundwe m'boma la Lilongwe, gulu la anthu lidapha wapolisi, bambo Usumani Imedi. Kupha kumeneku kudali tchimo lalikulu. Koma zimene zidatsatira zidali tchimo linanso: apolisi ena adalowa m'midzi ya Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika, ndipo amayi ndi atsikana osalakwa adagwiriridwa ndi kuchitidwa zamanyazi. Umu ndi momwe kubwezera kumathera, kumagwera amene sadaponye mwala. Bungwe la Malawi Human Rights Commission lidafufuza nkulemba lipoti. Bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association lidanyamula mlanduwo m'malo mwa amayi ndi atsikana 18. Mu Ogasiti 2020 Jaji Kenyatta Nyirenda wa Khoti Lalikulu adagamula kuti ufulu wawo udaphwanyidwa ndipo boma liwalipe. Mu 2021 khoti lidaika chipukuta misozi choposa K120 miliyoni kwa onse pamodzi.

Amayi amenewa adali anthu a kumudzi, opanda chuma, ndipo amene ankalimbana nawo adali a mphamvu. Chidawathandiza nchiyani? Adalankhula nthawi isanathe, umboni wawo udalembedwa, ndipo padapezeka anthu oima nawo. Ndalama sizingabweze ulemu umene adalandidwa, koma chigamulo chidanena poyera kuti wolakwa ndani. Mutu umodzi susenza denga.

Tikunena mawu athuwa uku tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa nkwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake. Abale ndi alongo athu, tsopano tifotokoze zoyenera kuchita m'bale wathu akavulazidwa mwadala.

Choyamba, moyo utsogole. Wovulala apite naye kuchipatala msanga, ndipo nkhani ikanenedwe kupolisi tsiku lomwelo ngati nkotheka. Apolisi amapereka kalata yoti achipatala alembepo za mabalawo. Lipoti la chipatala limeneli ndilo msana wa mlandu wonse. Amayi ndi ana ochitiridwa nkhanza ali ndi ofesi yawo yapadera kupolisi ya Victim Support Unit, ndipo ku Gulupu kuli malo a Chikwanekwane kumene amathandizidwa mwachinsinsi.

Chachiwiri, sungani umboni. Buku la kuchipatala, zithunzi za mabala, malisiti a mankhwala ndi a mayendedwe, mayina a amene adaona, zonsezi zisatayike. Khoti silibweza ndalama imene munthu adawononga ngati palibe chosonyeza. Ndipo inu amene mudaona ndi maso anu, dziwani kuti kubisa umboni ndi tchimo limene Surat Al-Baqara, ndime 283, yalichenjeza. Musathawe ponena kuti za eni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chachitatu, tidziwe kuti pa bala limodzi pamakhala milandu iwiri. Woyamba ndi wa boma, umene cholinga chake ndi kulanga. M'malamulo a Penal Code, kumenya munthu mpaka kumuvulaza kuli ndi chilango chofika zaka 5 kundende, ndipo kuvulaza koopsa kumafika zaka 14. Chindapusa chimene wolakwa amalipira pa mlandu umenewu chimapita kuboma. Komabe gawo 32 la malamulo omwewo limapatsa khoti mphamvu yolamula wopezeka wolakwa kuti alipe amene adamuvulaza. Choncho wovulala auze woimira boma pa mlanduwo zonse zimene wataya, kuti apemphe khoti liganizire za chipepeso.

Mlandu wachiwiri ndi wa mwini bala, wofuna chipukuta misozi. Uwu amasuma yekha, kubwalo la majisitireti kapena ku Khoti Lalikulu malinga ndi kukula kwa ndalama zimene akufuna. Khoti limaona ululu umene munthu wamva, chilema ndi zipsera, zimene sangathenso kuchita pamoyo wake, ndalama zimene akadapeza akadakhala akugwira ntchito, ndi zimene adawononga pofuna chithandizo. Likaona kuti nkhanzazo zidachitika monyoza kapena mopondereza, litha kuwonjezera. Umboni wofunika pa mlandu wa mtundu uwu ndi wopepukirapo kusiyana ndi wa pa mlandu wa boma, motero ngakhale woganiziridwa atamasulidwa ku mlandu woyamba, khomo la wachiwiri silidatsekeke. Gawo 41 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wokadandaula kukhoti, ndipo gawo 46 limalola khoti kupereka chipukuta misozi kwa wophwanyiridwa ufulu.

Chachinayi, musachedwe. Makolo athu adati mlandu suola, ndipo kwa Allah nzoonadi suola. Koma kukhoti lamulo lidaika malire a nthawi, ndipo pa milandu yambiri ya kuvulala malirewo ndi zaka zitatu. Wofuna kusumira boma ayenera kuyamba wapereka chidziwitso cholembedwa kwa mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo, nadikira miyezi itatu. Kudikira kuti bala lipole kumene tanena kuja nkwa kuyesa kukula kwa dipo, sikuti munthu akhale osanena kanthu.

Chachisanu, ganizirani za amene adzalipe. Pa ngozi ya galimoto kawirikawiri imalipa ndi kampani ya inshuwalansi, koma womenya mnzake ndi chibonga alibe inshuwalansi. Ngati wovulazayo adachita zimenezo ali pantchito, monga mlonda wa kampani kapena wapolisi, lamulo limalola kusumira womulemba ntchitoyo. Madandaulo okhudza apolisi atha kupitanso ku Independent Complaints Commission kapena ku Malawi Human Rights Commission. Wogonja pa mlandu akakana kulipa, khoti limatuma masherifu kukalanda katundu wake. Akakhala wosauka, nkwanzeru kugwirizana kuti azilipa pang'onopang'ono kusiyana ndi kugwira chigamulo chopanda kanthu.

Chachisanu ndi chimodzi, osauka asataye mtima chifukwa chosowa ndalama ya loya. Boma lidakhazikitsa Legal Aid Bureau kuti iziimira anthu otere, ndipo ili ndi ofesi mumzinda muno. Chenjerani ndi madobadoba amene amazungulira m'zipatala ndi m'makhoti, nalonjeza mamiliyoni, nasainitsa odwala mapepala osawawerengera. Pangano lililonse ndi loya lilembedwe, ndipo mwini mlandu adziwe ndalama imene khoti lagamula ndi imene ichotsedwe. Nafenso tiope Allah: kugula lipoti labodza la chipatala, kukuza bala laling'ono kapena kunamizira wosalakwa ndi kudya chuma cha haramu.

Kuyanjanitsa ndi kukhululuka

Chisilamu chimakonda kuyanjanitsa, ndipo malamulo a dziko amalola makhoti kulimbikitsa chiyanjano pa milandu ing'onoing'ono ya kumenyana. Pa kuvulaza koopsa ndi kugwirira, mlandu wa boma suthetsedwa ndi kugwirizana kwa mabanja. Dipo si ndalama yogulira kukhala chete.

Masheikh, mafumu ndi makomiti a mizikiti akamayanjanitsa anthu asunge zinthu izi. Mwini bala akhalepo ndipo alankhule yekha. Dipo lilingane ndi kukula kwa bala ndi zimene munthuyo wataya. Pangano lilembedwe, pakhale mboni ndi masiku olipirira, monga momwe Surat Al-Baqara, ndime 282, ikutiphunzitsira pa ngongole. Ndipo ndalamazo zipite kwa wovulala, osati kwa amalume, kwa mwini mbumba kapena kwa oweruza.

Kukhululuka ndi sadaka, ndipo munthu sapereka sadaka ndi chuma cha mwini wake. Sheikh sangakhululuke m'malo mwa wovulala. Ma ulama adanenanso kuti woyang'anira mwana alibe mphamvu yotaya ulere dipo la mwanayo, chifukwa ndi chuma cha mwana. Chikhululuko chochita kukakamiza, choopseza munthu kuti akakana asalidwa pamudzi kapena pamzikiti, si chikhululuko, ndi nkhanza yachiwiri. Koma amene wazindikira ufulu wake, ali ndi mphamvu youtenga, nausiya pofuna chikondi cha Allah, ameneyo wachita chinthu chapamwamba, ndipo malipiro ake ali kwa Mbuye wake.

Tinenenso za m'nyumba zathu. Nikah siichotsa ulemu wa thupi la mkazi. Mwamuna amene wathyola mkono wa mkazi wake kapena kumugulula dzino ali pangongole ya arsh kwa mkaziyo, ndipo chumacho ndi cha mkazi yekha. Lamulo la dziko loteteza nkhanza za m'banja la mu 2006 limalola khoti kuteteza wozunzidwa ndi kulamula kuti alipidwe. Ankhoswe asamabweze mwana wamkazi kunyumba ya zibakera ndi mawu akuti banja ndi kupirira.

Mawu kwa amene adavulaza mnzake

Mwina pakati pathu pano pali amene dzanja lake lidasiya chipsera pa munthu, ndipo mlandu sudafike kulikonse chifukwa wovulalayo adali wosauka kapena wamantha. M'bale wathu, musaganize kuti mudapulumuka. Kulapa pa tchimo la pakati pa kapolo ndi Allah kumakwanira ndi kusiya, kudandaula ndi kutsimikiza kusabwereza. Koma tchimo lokhudza munthu limafunanso kubweza ufulu wa mwini wake. Imam Muslim adalandira hadith imene Mtumiki (SAW) adafotokoza za wosauka weniweni wa mu ummah uno: munthu amene adzafike tsiku la Qiyama ndi swala, swaumu ndi zakaat, koma ali ndi anthu amene adawatukwana, kuwamenya ndi kukhetsa magazi awo. Zabwino zake zidzagawidwa kwa iwo, ndipo zikadzatha, machimo awo adzaikidwa pa iye. Lipani lero ndi makwacha, tsiku lisanafike limene malipiro adzakhale swala zanu.

Ngati mulibe chuma, pitani mukavomere kulakwa, mupemphe kulipa pang'onopang'ono, mumulimire munda kapena mumulipirire mwana sukulu. Ndipo ife monga jamaa tisamusiye yekha wofuna kukonza. Swahaba Qabiswa bin Mukhariq (RA) adasenza ngongole poyanjanitsa anthu, ndipo Mtumiki (SAW) adamulonjeza thandizo kuchokera m'chuma cha sadaka. Mzikiti uliwonse, kuyambira ku Mandala ndi ku Limbe mpaka ku Malindi ndi ku Chipoka, ukhale ndi anthu awiri kapena atatu odziwa njira ya kupolisi, ya kuchipatala ndi ya ku Legal Aid Bureau, oti aziperekeza wovulala amene sadziwa kolowera.

E Allah, chizani odwala athu ndi ovulala athu. E Allah, bwezerani oponderezedwa ufulu wawo, ndipo ongolani opondereza asanakumane Nanu. Tchinjirizani manja athu ku magazi a anthu, ndi malilime athu ku umboni wabodza. Apatseni oweruza athu, apolisi athu ndi atsogoleri athu mitima yokonda chilungamo. Ikani mtendere mumzinda wathu, m'madooko athu ndi m'dziko lonse la Malawi. Akhululukireni makolo athu, amoyo ndi amene adatsogola. Amin.

Imirirani tiswali, Allah akuchitireni chisoni.